Botolo la a Daka

Tinawaika m'manda Lachinayi lapitali. Pamaliro panalankhula anthu anayi, ndipo onse anayi ananama. Anati a Filimoni Daka anali munthu wamtendere, wokonda kuseka ndi anzawo. Ndinawadziwa a Daka kuyambira masiku amene ankafunsira mlongo wanga Esinati, ndipo mtendere sindinauone pa iwo. Anali munthu wovuta. Anakangana ndi akulu a mpingo, eni ng'ombe, okumba mbewa, mkazi wawo, ndi ine mlamu wawo. Mikangano yonseyo inkachokera pa chinthu chimodzi, khoma la damu lathu kuno ku Madzimoyo. Ena mwa amene ananyamula bokosi lawo anakhala zaka osawapatsa moni. Ndalemba izi kuti amene amagona kumunsi kwa khomalo adziwe munthu amene tamuika.

Damu lathu si lalikulu. Ndi khoma la dothi lotseka kamtsinje pakati pa zitunda ziwiri. Pansi pake padutsa paipi yopita ku madimba, yotsegulidwa ndi gudumu lachitsulo lokhala ndi loko. Kumapeto kwa khoma, dzanja lamanja, kuli ngalande yotakata, yoyalidwa miyala, yotsika kuposa khomalo. Ntchito yake ndi imodzi. Damu likadzaza, madzi osefukira amatulukira kumeneko m'malo mokwera pamwamba pa khoma. Kumunsi kuli madimba, chigayo, kamlatho, ndi nyumba za mabanja amene anamanga m'mphepete mwa khwawa poona kuti mtsinje unafa. A Daka ankakana kuti unafa. Ankati uli m'ndende, ndipo wandende aliyense amagona akuganiza za kwawo.

Damuli linamangidwa tili anyamata. Iwo anagwirako ntchito yokankha wilibala ndi kusinja dothi. Ntchito itatha, kapitawo anawasiyira kiyi wa gudumu lija nawauza kuti aziyang'anira. Kalata ya ntchito sindinaionepo. Iwo anamanga kiyiyo pa chingwe n'kuvala m'khosi, ndipo anatenga mawu a kapitawo ngati lumbiro.

M'mawa uliwonse, asanasukusule, ankayenda kumunsi kwa khoma kuchokera mbali ino mpaka mbali inayo, opanda nsapato. Majombo anali nawo. Ankati jombo silimva kanthu, koma phazi limadziwa pamene dothi lazizira ndi pamene lafewa. Ankatinso khoma la dothi limatuluka thukuta, ndipo amenewo si matenda. Chofunika ndi kudziwa thukutalo latuluka ndi chiyani. N'chifukwa chake m'thumba mwawo munkakhala botolo loyera lagalasi, lakale la mankhwala a chifuwa. Ankatunga madzi otuluka m'tsinde mwa khoma, n'kukweza botolo kudzuwa. Kenako ankaliimika pa mwala wafulati wa kumanzere, n'kupitiriza ulendo. Pobwerera ankayang'ana pansi pa botolo. Pakakhala poyera, ndiye kuti khoma likungopuma. Pakadikha matope, ndiye kuti madzi akudya khoma m'kati, ndipo una wolowa chala lero udzalowa munthu mawa. Madzulo ankazika kamtengo m'mphepete mwa madzi kuti m'mawa aone ngati akwera kapena atsika.

Anthu anawapatsa dzina loti dokotala. Pamowa sipankalephera wowaputa.

"A dokotala, wodwala wanu wadzuka bwanji?"

"Wadzuka bwino. Inu mumagona kumiyendo kwake, muzimupempherera."

Ng'ombe sankazilola kudutsa pamwamba pa khoma, chifukwa ziboda zimakumba njira ndipo mvula imatsata njirayo. Munthu wokumba mbewa pakhoma ankamulanda khasu n'kumuuza kuti akatume amayi ake kudzalitenga, ngakhale munthuyo ali ndi ndevu. Chulu chikangoyamba kutumphuka ankachikumba mpaka apeze make wa chiswe. Mpingo wina utafuna kulambula udzu wa pakhoma kuti obatizidwa azitsika bwino, anawauza kuti udzuwo ndi malaya a khoma, ndipo ngati Yordano wawo akufuna makwerero akamufune kwina. Akulu a mpingowo anabwera kudzadandaula kwa ine. Ndinawauza kuti mlamu sasankha.

Za mango ndiyenera kuzinena, chifukwa mlongo wanga sanaziiwale. Esinati anaoka mtengo wa mango masitepe ochepa kuchokera m'tsinde mwa khoma, kuti amayi opita kochapa azipumulapo. A Daka anaulekerera zaka zitatu, popeza munthu yekhayo amene ankamuopa anali mkazi wawo. Chaka chimene unabala koyamba anakumba pambali, napeza muzu wonenepa ngati dzanja ukulunjika kukhoma. Anadula mtengowo tsiku lomwelo, mango ali aawisi. Anazula mizu yonse, nakwirira dzenje ndi dongo, akusinja ndi munsi wa Esinati. Iye anamanga kamtolo n'kubwera kwathu. Tsiku lachinayi a Daka anatulukira pabwalo panga.

"Alamu, ndabwera kudzatenga anthu anga."

"Anthu anu ali ndi pakamwa. Afunseni."

Esinati anayankha ali m'khitchini, osatuluka. "Kakwatireni khoma lanulo. Likuphikireni, likuchapireni."

"Amayi, inu mukanyanyala ndimagona ndi njala ndekha. Ilo likanyanyala, manda ake sitingathe kukumba."

Anabwerera limodzi. Munsi anasema wina, koma Esinati ankati sunafanane ndi woyamba.

Tsopano ndinene za chaka cha matumba, chimene pamaliro aliyense anachilambalala.

Chaka cham'mbuyo mwake mvula inadula msanga. Pofika Seputembala damu linali thope lokhalokha. Ng'ombe zinkatitimira pofunafuna madzi, ndipo zanga ziwiri zinafera momwemo ndikuona. Madimba anauma. Amayi amene ankatumiza repu ndi matimati ku msika wa ku Kapata anakhala manja lende. Nthawi imeneyo ine ndinali wapampando wa komiti ya damu. Maganizo a matumba anali anga, sindibisa. Ndinkaona madzi akutayika pa ngalande miyezi iwiri chaka chilichonse, kenako ife n'kumalira mu Okutobala. Pamsonkhano wa mu Januwale ndinati tidzaze mchenga m'matumba a feteleza, tiwasanje pakamwa pa ngalande mizere itatu, kuti damu lisunge madzi ofika m'bondo kuposa kale. Anthu anaomba m'manja.

A Daka anaimirira osapempha mwayi.

"Alamu, ngalande ija ndi khomo. Mukatseka khomo, madzi atulukira pachipupa."

"Khoma ndi lalitali. Malo atsala ambiri."

"Malo amenewo si anu. Ndi a mvula imene simunaione."

Panali Zakeyo Mwale, mnyamata wamkulu kale, amene khola lake linatha lonse ndi chilala. Analankhula ali chikhalire.

"Amdala, zanu zinafa zingati?"

"Ndilibe ng'ombe."

"Ndiye khalani pansi."

Sanakhale. Anati matumbawo tikaika, iwo akachotsa okha. Zakeyo anati amene akhudze thumba amuthyola miyendo. Msonkhano unagamula kuti kiyi wa gudumu achoke kwa a Daka akhale kwa wapampando. Ndinatambasula dzanja. Iwo anavula chingwe m'khosi, nandiyang'ana, naika kiyi pansi pafumbi. Sindinaweramirepo munthu pamaso pa gulu, koma tsiku limenelo ndinawerama n'kutola.

Matumba tinasanja sabata yomweyo. Mchenga ndi matumba otsala tinaunjika kumunsi kwa khoma. A Daka anapitiriza kuyenda m'mawa uliwonse ndi botolo lawo, m'khosi mulibe kanthu. Kwathu anasiya kubwera.

Anali Mngoni weniweni, koma chimangire damu sanapondeko ku Mtenguleni pa mwambo wa Ncwala. Ankati mwambowo umagwa kumapeto kwa Febuluwale, damu lili lodzaza, ndipo mayi wa pakati wotsala masiku samusiya yekha. Chaka chimenecho mvula inagwa masiku atatu osakata. Loweruka la Ncwala kunacha kukuwaza, kumapiri kuli bii. Amuna onse amphamvu tinali pa lole, titavala zikopa, zishango ndi zibonga zili m'manja. Injini itangolira, a Daka anatulukira, matope mpaka m'maondo. Sankathamanga pa moyo wawo, koma tsikulo ankayenda ngati miyendo ikuwachedwetsa.

"Alamu, tsikani."

"Tachedwa kale."

"Gwirani ichi."

Anandipatsira botolo pamwamba pa lole. Madzi ake anali ofiirira ngati tiyi wothira mkaka.

"Mvula yagwa," ndinatero. "Madzi onse ndi a matope lero."

"Awa sanachokere kumwamba. Atuluka m'khoma, kumanzere, pamwamba pa mwala paja. Ndipatseni kiyi ndi amuna khumi."

Zakeyo anasuzumira kumbuyo kwanga. "A dokotala, wodwala wanuyo mum'mwetse phala. Tidzam'zonda madzulo."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke, komanso sindinatsike. Lole inanyamuka. Botolo linatsala m'manja mwanga, chifukwa iwo sanatambasule dzanja kulilandira.

Pamphambano ya tala tinaima nthawi yaitali kudikira anzathu a mudzi wina. Anyamata ankaimba ndi kuponda pansi. Ine ndinali nditaimika botolo pakona ya lole, nditaliphimba ndi chishango. Nditachotsa chishango ndinaona pamwamba payera, koma pansi padikha matope okhuthala ngati chala. Botolo limenelo ndinaliona pa mwala uja zaka zambiri, ndipo pansi pake sindinaonepo kanthu. Ndinatsika.

"A Miti, mukupita kuti?" wina anandifunsa.

"Ndaiwala fodya."

Ndikanati tsikani nonse, akanatsika. Ndinali wapampando, ndipo mawu anga ankamveka. Sindinanene, chifukwa kunena kukanakhala kuvomera pamaso pawo kuti matumba anga alakwa. Ndinabwerera ndekha wapansi, botolo lili m'manja, mvula itayambanso, zikopa zikulemera.

Nditafika ndinapeza madzi atsala chikhatho chimodzi ndi theka kuti akwere pamwamba pa khoma. Mphepo inkawakankha, ndipo ankanyambita udzu wa pamwamba. Pa ngalande ankadutsa pang'ono pamwamba pa matumba, ngati madzi otayikira m'beseni. Pakhoma panali amayi amene sanapite ku mwambo, ndi nkhalamba ziwiri. Kumunsi kunkamveka chitsulo chikulira. Anali Esinati, akumenya khasu nyumba ndi nyumba, kutulutsa anthu kuti akwere chitunda cha kuchigayo.

A Daka anali ataima m'madzi pakamwa pa ngalande, atadzimanga chingwe cha ng'ombe m'chiuno, mbali ina atachimangirira ku mtengo wa kumtunda. Chikwanje chinali m'manja. Koma matumba sankawadula.

"Dulani," ndinatero. "Mukudikira chiyani?"

"Anthu akadali pamlatho."

"Khoma ligwa."

"Likagwa khoma, mwapha ndinu. Ndikadula manje, ndapha ndine. Kiyi mwabwera naye?"

Ndinam'tulutsa.

"Katseguleni paipi mpaka kumapeto. Mukatha kaoneni amayi kumanzere. Esinati akakweza chitenje chofiira pachitunda, mubwere mudzagwire chingwe."

Sanandifunse za amuna khumi aja. Anangoyang'ana kumbuyo kwanga kamodzi, naona kuti kulibe munthu.

Gudumu linali lisanazunguliridwe chiyambire Januwale, ndipo linagwira dzimbiri. Ndinalimbana nalo ndekha, linakana. Amayi awiri anabwera ndi chitsulo cha ngolo, tinapisa pakati pa gudumu, tonse atatu n'kutsamira. Linalira, kenako paipi inayamba kusanza. Koma paipi ndi paipi. Pa madzi onse aja inali ngati kukapa chitsime ndi chikho.

Kumanzere ndinapeza chimene botolo linkanena. Pamwamba pang'ono pa mwala wafulati, madzi ofiira ankatumphuka m'khoma pamalo aakulu ngati mbale, akubwata ngati phala. Amayi anali atazinga malowo ndi matumba otsala aja, ndipo ankathira mchenga ndi timiyala m'kati mwake. Ine ndinakumba dongo ndi manja kuti ndikatseke una. Mayi wina, aNaTembo, wosula mbiya, anandigwira mkono.

"Anena tisatseke, bambo. Tikatseka pano aphulikira pena pomwe sitikuona. Anena mchenga ndi timiyala, madzi azidutsa, dothi lizitsala."

Ndinataya dongo. Ndinasenza mchenga pa chishango changa, ndikulamulidwa ndi amayi.

Chitenje chinachedwa. Kunali gogo wina wosayenda, amene anakana kutuluka m'nyumba mpaka atapeza nkhuku yake yofungatira. Anam'nyamula pa chitseko. Ife tinkaona timitu tikuyenda pang'onopang'ono pamlatho, ndipo madzi pakhoma anali atatsala chikhatho chimodzi. Pamalo amene ng'ombe zinkadutsa mozemba, pamene khoma linali lotsikirako, thovu linayamba kufika pamwamba. Mayi wina anagwada n'kuyamba kupemphera, aNaTembo anam'dzutsa n'kum'patsa ndowa.

Kenako chofiira chinaoneka pachitunda.

Ndinathamangira ku ngalande n'kukulunga chingwe m'manja. A Daka sanadule matumba onse nthawi imodzi. Anang'amba matumba atatu a pakati pa mzere wa pamwamba, nadikira mchenga ukokoloke. Anang'amba ena mbali iyi, ena mbali iyo, akukulitsa khomo pang'onopang'ono kuti madzi asatsike ngati chipupa. Pa mzere wachiwiri anayenera kumira mpaka pachifuwa n'kumafufuza ndi manja. Atang'amba thumba lachinayi, mzere wonse unasuntha wokha. Madzi anawagwetsa. Chingwe chinandikokera mpaka m'mphepete, chinandisenda zikhatho, ndipo kwa kanthawi sindinaone mutu wawo. Nkhalamba ziwiri zija ndi amayi anagwira kumbuyo kwanga. Tinawakoka ngati ng'ombe yotitimira. Anatuluka akutsokomola, chikwanje chitapita, bondo lamanzere litaphwanyika pa miyala. Bondo limenelo silinawongokenso. Anatsimphina mpaka imfa.

Mzere wachitatu madzi anachotsa okha. Phokoso lake sitinkamvana. Kumunsi tinaona madimba akumira, kamlatho kakusowa, nyumba ziwiri za zidina zosaotcha zikukhala pansi. Mbuzi zinapita. Chigayo chinalowa madzi mpaka pa injini. Munthu sanapite ndi mmodzi yemwe.

A Daka anakana kunyamulidwa. Anakhala pamwamba pa khoma atatambasula mwendo, nandituma kuzika kamtengo m'mphepete mwa madzi. Ndinakhala chonjuta ndikukayang'ana. Nthawi yaitali madzi sanakwere, sanatsike. Kenako pa kamtengo panaoneka ponyowa pamwamba pa madzi.

"Atsika chala," ndinatero.

"Chala chanu kapena changa?"

"Changa."

"Ndiye atsikadi. Zanu n'zonenepa."

Anatuma aNaTembo kukatunga kumanzere ndi botolo lija. Madzi anabwera otuwa, osati ofiira. Amayi atatsikira kukaona mabanja awo, tinatsala awiri. Apo ndi pamene anandiuza zimene sanauzepo munthu.

"Alamu, pamwala paja tinanama."

Ndinawayang'ana.

"Pomanga. Mvula inali pafupi, nkhuti ya dongo labwino inali kutali, kapitawo ankatithamangitsa. Sabata yomaliza, chakumtunda kwa khoma kumanzereko, tinathira dothi la pamwamba, la udzu ndi mizu yake. Sitinasinje bwino. Mawilibala ambiri anali anga. Ndinkafuna kuweruka msanga. Ndinkafunsira mlongo wanu."

"Zaka zonsezi khoma laima."

"Madzi anali asanafikepo. Ngalande inkawachotsa asanakwere mpaka pamenepo. Matumba anu anawakweza n'kuwasonyeza."

"Munalekeranji kunena pamsonkhano?"

"Inu mwalekeranji kubwera ndi amuna?"

Kiyi anali akulendewera pa loko. Pochoka anam'tenga n'kuvala m'khosi, ndipo sindinawaletse.

Amuna anabwera madzulo akuimba. Anapeza khoma lili chilili, madimba atapita, matumba kulibe. Khoma silinagwe, choncho anati silikanagwa. A Daka anawonjezera mkwiyo wawo posiya paipi yotsegula masiku asanu ndi atatu, mpaka madzi atatsika kutali ndi malo owola aja. Anagona pafupi ndi gudumu ndi mwendo wawo womanga nsungwi kuti wina asatseke. Mvula inadula kumayambiriro kwa Malichi. Damu linalowa m'chilimwe lili theka, ndipo mu Okutobala madimba anaumanso.

Pamsonkhano wotsatira Zakeyo anaima n'kunena kuti mdala wansanje wataya madzi a mudzi kuti asonyeze kuti komiti ndi yopusa. Eni nyumba ziwiri zija analira. Amayi amene anasenza mchenga anayesa kulankhula, amuna awo anawakhazika pansi. A Daka anakhala kumbuyo, ndodo ili pakati pa miyendo. Anthu onse anayang'ana wapampando. Ine ndinali nditaona matope m'botolo, ndinali nditaona khoma likubwata, zikhatho zanga zinali zisanapole. Ndinati zachitika zachitika, nkhani ithere pompa. Ndinatseka msonkhano ndi pemphero.

Injiniya wa ku Chipata anabwera m'chilimwe. A Daka anamulozera pokumba. Anapeza una wolowa ntchafu ya munthu wamkulu, wopita m'kati mwa khoma kupitirira theka. Anachotsa dothi lonse loipa, nathira dongo, nasinja bwino. Amene anapita kukaona unawo sanakwane khumi. Otsalawo anali otanganidwa kufunafuna chakudya, ndipo munthu wanjala sakumbukira madzi amene sanamumize. Dzina la dokotala linatha. Anayamba kuwatchula kuti Wotayamadzi, ndipo ana obadwa pambuyo pake ankaganiza kuti ndi dzina lawo lenileni.

Iwo sanauze munthu kuti ndinatsika pa lole ndekha pomwe ndikanatha kutsitsa onse. Inenso sindinauze munthu za mawilibala. Tinkakumana pamaliro ndi paukwati, kupatsana moni, kukhala moyandikana, osatchula damu. Ndafunsa Esinati ngati ndingalembe za mawilibalawo. Anati lembani zonse, achimwene, ndi zanu zomwe.

Chaka chathachi miyendo ya a Daka inatupa, anasiya kuyenda. Ankatuma Esinati kukatunga ndi botolo n'kuliimika pa zenera, pamene akanatha kuliona ali chigonere. Kiyi anabwera kudzam'tenga wapampando watsopano, mwana wa Zakeyo, mnyamata waulemu wake. Anagwada polandira. Nditapita kukawazonda komaliza, anali atawonda, mawu akutuluka movutikira.

"Alamu, azitunga ndani?"

"Komiti iona."

"Komiti ilibe mapazi."

Ndinafuna kunena mawu ena amene ndinawasunga zaka zonsezi. Ndinatsokomola, ndinafunsa ngati adya. Anati adya. Anatembenukira kuzenera.

Dzulo m'mawa ndinapita kudamu. Esinati anandipatsa botolo osandifunsa kanthu. Mvula yoyamba yagwa kale kawiri, ndipo madzi ayamba kukwera. Kanjira kamene mapazi awo anapanga m'tsinde mwa khoma kayamba kutsekeka ndi udzu. Pamwamba pali njira ya ng'ombe, yakuya kufika m'kakolo. Ndinawerenga mauna a mbewa asanu, awiri okumbidwa ndi khasu. Chapakati pamera kamsangu kofika m'bondo. M'mphepete mwa madzi mulibe kamtengo. Pambali pa ngalande wina waunjika mchenga, ndipo pafupi pake pali mtolo wa matumba a feteleza opanda kanthu, otsinjiza ndi mwala kuti asauluke.

Ndinavula nsapato. Ndinayenda mpaka kumanzere, koma mapazi anga sanandiuze kanthu, paliponse panali pozizira chimodzimodzi. Ndinapeza pamene madzi akutuluka, ndinatunga, ndinaimika botolo pa mwala wafulati. Pamwalapo pali kabwalo kotuwa, pamene botolo linkakhala, ndipo linakwanapo ndendende. Ndinadikira nthawi imene iwo ankatenga kupita ndi kubwera. Ndinalikweza kudzuwa. Maso anga ali ndi ng'ala tsopano, ndipo chilichonse ndimachiona ngati chili mu utsi. Sindinathe kudziwa ngati pansi padikha kanthu kapena ayi. Ndinayang'ana uku ndi uku, pakhoma panalibe munthu woti ndimufunse. Kumunsi chigayo chinkalira, ndipo amayi ankawoloka pamlatho atasenza matumba a chimanga.